Poto wa Mayi Eduvigis

Ndinabwereka poto kwa Mayi Eduvigis,
khomo lachitatu ukamatsika masitepe a ku Valparaíso kuno,
kuti ndiwiritse mkaka ndi shuga
mpaka ulimbe, ufiire, mmene Ximena amaukondera.
Kenako foni. Ximena yemweyo, ali ku Antofagasta:
"Bambo, Khirisimasi ino sindibwera."
Tinacheza za mitengo ya basi, za chifuwa changa,
zonse kupatula chimene chinanditsamwa.

Pobwerera kukhitchini, utsi uli kudenga,
pansi pa poto pali bii,
nkhoko youma gwa ngati phula la pamsewu.
Poto wa eni.

Ndinayamba ndi mchere, dzanja lodzaza,
ndi chibenthu cha ndimu chofota chimene ndinachiiwala pawindo.
Nkhoko inangondiyang'ana.
Ndinathira viniga ndi madzi, n'kuwiritsa,
fungo linathamangitsa mphaka mpaka pakhonde.
Nditaphula ndinawaza soda,
thovu linafufuma, likunong'ona ngati anthu pamaliro,
ine chilili ndi chikombe chamtengo,
sitima zikulira kudoko kumunsiko.

Zina sizifuna mphamvu. Zimafuna usiku.
Ndinausiya poto m'madzi, ndinakagona chosagona.

M'mawa nkhoko inali itafewa mtima.
Inkamatuka zibenthu, ngati nkhanambo ya pabondo la mwana.
Yotsalira ndinaikwecha ndi zikamba za mazira zosinja,
chala chachikulu chinachita thuza,
mpaka chitsulo chinandionetsa nkhope yanga,
yopindika, mphuno ngati mbatata.

Koma cha m'mbali munatsala banga,
lofiirira, looneka ngati khutu.
Ndimu analephera. Soda analephera.
Ndinatsika masitepe makumi anayi ndi awiri
ndikuyeserera chipepeso pa sitepe iliyonse.

Mayi Eduvigis anautembenuza poto padzuwa,
n'kuyika chala pabangapo, osafufuza n'komwe.
"Ili si lanu, a Nibaldo.
Ndi nyemba za tsiku limene Aurelio ananyamula sutikesi.
Zaka makumi awiri ndikulikwecha,
ndinalisiya. Supu amakomabe."
Ananunkhiza m'kati. "Viniga mwachulutsa.
Nanga mwana afika liti?"

Sindinayankhe.
Anandibwezera poto m'manja,
pamwamba n'kusanjikapo paketi ya mkaka.
"Moto wochepa. Osachokapo. Foni ikalira, ilire.
Mukatha mundipatseko theka,
linalo muike m'botolo.
Basi ya ku Antofagasta imanyamulanso katundu."