Mwana wa Wogulitsa Ayezi

Fili koloko usiku, magetsi abwera kumene,
mafiliji atatu ayambanso kung'ung'udza kuseri.
Ndakhala pa kreti, foni m'manja,
bandulo ikutha ngati kandulo wa pamphepo.
Uko kudakali dzulo.
Uko mwana wanga akuthamanga chafutambuyo
pamwamba pa chinthu chimene ine ndimagulitsa.

Zaka makumi awiri ndi zitatu
ndakhala ndikuumitsa madzi muno mu Mchesi,
kuwamanga m'majumbo, kuwakweza panjinga,
kupita nawo kwa amayi a nsomba kumsika waukulu
ndi kwa anyamata a mafilizi ku depoti.
Ayezi ndimamudziwa. Amaluma zala, sadikira munthu,
ukaima kucheza pamlatho amakuthawa m'thumba.
Koma zoti munthu n'kumuponda ndi mipeni kuphazi,
n'kumalandirapo malipiro,
zimenezo ndaonera kwa Chiletso.

Anachoka ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi,
atagwira chala cha azakhali ake anamwino,
nsapato zatsopano zikulira pansi ku eyapoti ya ku Lumbadzi.
Ife tinati akaphunzire.
Chithunzi choyamba chinabwera atavala chisoti
ngati wowotcherera mageti kwa Biwi,
ndodo yokhota m'manja, mapewa otupa ngati wanyamula mitolo.
Tinaseka mpaka misozi, osadziwa kuti ntchito ndi imeneyo.

Lero ndi mnyamata wa ndevu, nambala 44 kumsana,
ndipo amalipidwa chifukwa choletsa.
Dzinalo tinamupatsa pa zifukwa zathu,
koma dzina limadzipezera lokha pokhala.
Anzake akagoletsa nyali zimayaka, lipenga n'kulira.
Iye amadzigwetsa dala
kuti kamphira kakuda kaja, kouma ngati mwala wa kwale,
kamenye nthiti zake m'malo molowa mu ukonde.
Mano awiri akutsogolo anatsala komweko.
Tsiku limenelo amayi ake anafunditsa foni chitenje
ngati kuti ndi foniyo yavulala.

Chaka chatha anamutsitsira ku timu yaing'ono,
miyezi inayi ya mabasi ausiku ndi chikwama pamiyendo.
Anaimba. Adadi, akuti ndimachedwa potembenuka.
Ndinasowa chonena, masewerawo sindiwadziwa.
Ndinangomuuza za Okutobala uja magetsi anazima masiku atatu,
katundu yense n'kusanduka chithaphwi pakhomo,
ana a aneba akusewera m'ndalama zanga,
ndi mmene m'mawa mwake ndinadzazanso majumbo pampope.
Sanayankhe.
Kaya anamva, kaya mayunitsi anali atatha kale.

Anamuitananso mu Janyuwale, pangano la chaka chimodzi.
Filiji yachitatuyi ndi yake.

Pa bawo anzanga amafunsa, wamwetsa zingati mwana wakoyo?
Ndimati chimodzi.
A Kaliwo amaseka mpaka kutaya nkhomo.
Chimodzi, chaka chonse?
Ndimawasiya, ndimangotakata.
Ndani amawerenga zigoli zimene sizinalowe?
Chambo chikafika ku Area 18 chisananunkhe
amayamika wogulitsa, amayamika wophika,
ayezi amakhala atapita kale mu ngalande.

Taonani tsopano, awiri akubwera, iye ali yekha.
Akubwerera, akubwerera, ndodo pansi,
maso pachifuwa cha amene ali ndi kamphira,
ndipo netiweki yaima pomwepo.
Mwana wanga wauma pa foni, bondo limodzi lopinda,
kampira kozungulira kakuzungulira pamphumi pake.

Ndadikira. Galu wa kwa Nachisale wauwa, wasiya.
Ku mzikiti ayamba kuitana.

Chithunzi chabwerera iye akudzuka pansi, akutsimphina,
mnzake wa pagolo akumugogoda chisoti ndi ndodo.
Manambala apamwamba sanasinthe.
Palibe wakuwa, palibe nyali yayaka.

Ndaika foni m'thumba,
ndatsegula filiji, utsi wozizira wandimenya kumaso.
Ndagogoda jumbo yoyamba ndi chala.
Yagwira.
Ndiyenera kuwoloka mlatho dzuwa lisanandione.