Nangumi Amene Anameza Mwezi

Lolemba mvula inakakamira pa mapiri a Valparaíso,
ndiye ndinapachika nsalu yoyala pabedi patsogolo pa bolodi
n'kuuza ana anga kuti lero ndi kanema.
Makope anatsekeka okha, osadikira belu.

M'kanemamo nangumi wokalamba, wa ndere pamsana,
anauluka usiku n'kumeza mwezi
ngati m'bulu wa mankhwala.
Kamtsikana ka nsapato imodzi kanamulondola
pa ambulera yogadabuzika.
Kali pafupi kumugwira mchira, makina athu anatsokomola
n'kuzima. Mdima bii.

Amaro anamenya desiki: Kutibera kumeneku!
Ine ndinati, mwezi uli m'mimba, wokonza makina abwera Lachisanu.
Tiutulutsa bwanji?

Lachiwiri Ignacia anatenga chingwe
n'kuyeza nangumi pabwalo la mpira, mamita makumi atatu,
kenako anafunsa kukula kwa mwezi.
Anagawa, anagawanso, maziro anasefukira m'mphepete mwa tsamba.
Aphunzitsi, kanemayu ndi wabodza.
Eya, ndinatero, koma wabodza kangati? Malizitsa samuyo.

Gaspar, amene bambo ake amadzuka nyanja isanayere,
sanasamale za maziro.
Mwezi ukapita, adzakoka madzi ndani?
Tinatseka makatani, tinatenga tochi, lalanje ndi ndimu,
iye akuzungulira anzake mpaka chizungulire,
beseni la madzi likutayikira pa nsapato zanga.

Lachinayi kunabwera a Evaristo, amalume a mayi ake a Ignacia,
ndi chithunzi chofiirira m'thumba la jekete:
anyamata asanu ndi awiri aima pa nangumi wakufa, akumwetulira.
Wachiwiri kumanzereyo ndine, anatero.
Fungo lake silinkachoka m'malaya.
Amaro anafunsa ngati ankalira.
Ndani, ine kapena iye?
Anayang'ana pawindo nthawi yaitali,
ndipo palibe amene anakumbukira zopita kukapuma.

Pamenepo ndi pomwe Wideline,
wochokera ku Haiti, miyezi iwiri pa desiki yakumbuyo
osatulutsa liwu kupatula dzina lake,
anayamba kung'ung'udza kulira kwa nangumi wa m'kanema uja,
kotsika, kotalika, kokhota kumapeto.
Kenako m'Chisipanishi chake chongoyamba kukwawa:
Si njala. Pansi pa nyanja ndi mdima.
Amafuna nyale.

Ndinaika choko pansi.
Ana makumi atatu analemba makalata opita kwa nangumi,
ena akumulonjeza makandulo, ena akupepesa m'malo mwa agogo awo,
Gaspar akumuopseza ndi khoti.
Wideline analemba theka m'chinenero cha amayi ake,
ndipo Ignacia, wa maziro uja, anasendeza mpando
kuti amuwerengere.

Lachisanu makina anachira.
Nangumi anangoyetsemula, mwezi n'kubwerera, nyimbo, basi.
Zachibwana, anatero Amaro. Zathu zija zinali bwino.

Madzulo ano ndili ndi fomu ya aphunzitsi aakulu.
Ikufunsa kuti sabata ino ndaphunzitsa phunziro liti,
ndipo kabokosi kake n'kamodzi, kakang'ono ngati chikhadabo.
Kunja zikepe zikukwera phiri ndi anthu otopa,
madzi padoko atsika, ngalawa zapendekeka,
mwezi uli pamalo pake, wonyowa pang'ono.
Cholembera chili m'manja,
nsapato zanga sizinaume.