Thumba la Zina ndi Zina

Ku Gdańsk, mu ofesi ya pansanja yachitatu,
pamene zenera limayang'anizana ndi makireni a padoko,
ndimayika ntchito za anthu pa sikelo.
Ndiyo ntchito yanga, ndipo pa mndandanda wanga womwe
ili pa nambala makumi atatu ndi imodzi.

Ndimatenga malipiro a pamwezi,
mipando yopanda anthu imene mabwana alengeza,
miyezi imene munthu amatha nsapato asanalembedwe,
ndi mantha oti makina adzamulanda malo.
Ndikathira zonsezi, kompyuta imapeta.

Chaka chino anamwino akwera masitepe asanu.
Oyendetsa malole sanasunthe.
Omasulira zilankhulo agwa chagada,
ndipo ndine ndinawajambulira
kamuvi kofiira koloza pansi.

Lachiwiri kunabwera Jagoda,
wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri,
chipale chofewa chikusungunuka m'tsitsi lake,
ndi mayi ake, a Bronisława, atagwira tsamba langa
ngati kalata ya kuchipatala.
"Muuzeni inu," anatero. "Ine sandimva.
Akuti akufuna kumakonza mavayolini.
Tafufuza, pa tsamba lanu palibe."

Palibedi. Sakwana makumi asanu m'chigawo chonse.
Ochepa chotero kompyuta imawameza
n'kuwalavulira m'thumba lotchedwa Zina ndi Zina,
pamodzi ndi okonza mawotchi ndi osoka zidole.

Ndinkayenera kuloza pamwamba pa tsamba.
Amandilipirira zimenezo.
Koma ndinaona zala za mtsikanayo,
guluu wouma m'mbali mwa zikhadabo,
ndipo manja a bambo anga anandibwerera.

A Zdzisław, owotcherera zitsulo za sitima zapamadzi.
Mmene ankayamba, ntchitoyo inali ya mwanaalirenji.
Mmene ine ndinkalowa sekondale,
geti lawo linali litamangidwa ndi unyolo,
iwo akugulitsa masokosi pamsika
ndi maso ofiira ndi moto wa zaka makumi awiri.
Lero owotcherera ali pa nambala seveni.
Ndinawapititsira tsambalo kunyumba ya okalamba.
Anaseka mpaka kutsokomola.
"Halszka, sikelo yakoyi imadziwa dzulo lokha,
ndipo dzulolo imalidziwa mochedwa."

Sindinamuuze Jagoda kuti atsate mtima wake.
Mtima sulipira lendi mu Januwale.
Ndinamasula thumba lija pamaso pake,
tinawerenga limodzi, chala pa mzere:
amisiri angati adzapume zaka zisanu zikubwerazi,
ndalama za chaka choyamba,
zoonda ngati nsambo ya vayolini yomweyo,
ndi sukulu ya opala mipando, nambala khumi ndi zisanu ndi zinayi,
kumene tchizulo ndi yomweyo
ndipo thabwa limanunkhira chimodzimodzi.
"Khomo lina lili apa," ndinatero. "Si lamulo."

Mayi ake anapinda tsambalo kanayi,
milomo ili yomata.
Jagoda anapempha pensulo yanga,
analemba kena kake pachikhatho.
Sananene chimene wasankha,
nanenso sindinafunse.

Madzulo ndinatsala ndekha ndi mizere mazana atatu.
Tramu inalira pakona, yodzaza ndi anthu anga:
nambala faifi atagona chiimire,
nambala handiredi akuwerenga nyuzipepala,
wina wa m'thumba lija atafungatira keke.
Pansi pa tsamba ndinaikapo kanyenyezi
ndi timawu timene bwana adzafufute mawa:
Manambalawa ndi mapazi a amene anadutsa kale.
Pamene mudzaponde inu sitinayezepo.

Ndinazimitsa magetsi.
Pamasitepe ndinakumbuka kuti omasulira
ndawaika mzere umodzi pansi kuposa poyenera,
ndinapisa dzanja m'thumba la jekete kuti ndilembe,
pensulo mulibe.