Lachitatu ku Tynemouth

Lachitatu lililonse ndimakankha njinga ya a Fenwick
kukwera chitunda cha Tynemouth,
mphepo ya kunyanja ikundiwomba makofi m'makutu.

Pamwamba pali bwinja la amonke:
makoma opanda denga,
mazenera ongoyasamula,
miyala yofumbwa ndi mchere ngati chimanga chogonera.

Iwo akangoliona amadzuka mtima.
"Tafika ku Tulum!"
Amavula chipewa, ati kwatentha.
Ndimawaveka. Amavulanso.

Ati apo, pomwe ine ndikuona udzu wonyowa ndi chitini cha mowa,
pali kachisi wa Amaya woyang'ana kotulukira dzuwa,
buluzi wotalika ngati mkono wagona pamakwerero,
ndipo Isobel watsikira kale kumchenga,
nsapato kumanja, diresi lachikasu,
akukuwa kuti madzi ndi ofunda ngati tiyi woiwalika patebulo.

Isobel anagona m'manda zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo.
Zili m'faelo. Ndinawerenga tsiku loyamba ntchito,
tsamba lomwelo la mapilisi a m'mawa
ndi zakudya zimene zimawawenga.

Kumaphunziro anatiuza: osawatsutsa, osawanamizanso.
Pakati pa ziwirizi pali kanjira
kochepa ngati khwawa la pakati pa mizere ya mbatata.
Ndimayenda m'menemo, mwendo kutsogolo kwa unzake.

"Ukuiona mitengo ya kanjedza?"
Ndimayang'ana. Sitima ikulowa padoko,
mbalame zoyera zikulanda mwana tchipisi.
Ndimati, "Tandiuzani, ndi yaitali bwanji?"
Amakweza dzanja lonjenjemera mpaka pomwe phewa lalola.

Sindiwauza kuti nanenso ndili ndi bwinja langa
ku Bembeke, nyumba ya zidina
yomwe mvula yakhala ikunyambita chichokereni ine.
Palibe mlendo adzadule tikiti kukaiona.
Koma ndikatsinzina m'basi ya usiku
chitseko chake chimatseguka,
wailesi ikulira pazenera, bambo akusoka thumba la feteleza.

Folo koloko, kwayamba kale kuda.
"Kamuitane Isobel, basi itisiya."

Apa kanjira kaja kamathera.
Ndimamanga mabuleki a njinga,
ndi kupita pampanda wachitsulo,
ndi kuitana dzinalo kawiri, mokweza,
mphepo n'kulitenga osabweza.

Ndikabwerera ndimapeza akunyambita milomo.
"Mchere," amatero. "Waumva?"

Ndaumva, a Fenwick.
Umenewo ndiye ulipodi.