Nyali Zapansi

Juni akafika, Lingadzi amasuta fodya usiku wonse,
utsi wake n'kudzagona pamsewu ngati bulangete lonyowa.
Ine folo koloko ndili kale pachiwongolero,
amayi a tomato kumbuyo, mabeseni pamiyendo,
ulendo wa ku Wakawaka.

Lachiwiri lija ndinatsala pang'ono kupha munthu.
Wanjinga, matumba atatu a makala,
wopanda nyali, wopanda belu,
anangoti tulukiru pamphuno pa galimoto.
Buleki kwiii! mabeseni gubudu gubudu mpaka kumapazi kwanga.
Iye sanacheuke n'komwe.
Tcheni chake chinapitiriza kulira m'chifungamo,
ine mawondo akuwombana mpaka pamsika.

Ndinapita ku Biwi ndi ndalama za sabata yathunthu,
kufuna chinyali chachitali chija,
chothobwa m'maso,
choti ukayatsa, tambala wa ku Kawale alire.

Ndaziona anapukuta manja pa ovololo,
nagwada kutsogolo kwa Sienta yanga.
"Nanga tiwiri iti, pansi pa bampala?"
Ndinati n'tokongoletsa chabe, tinabwera nayo ku Japani,
kuwala kwake ngati koloboyi wotha palafini.
Anapitsa chala pagalasi, nandionetsa.
"Tili ndi ng'ala, achimwene. Sitinafe."

Sandipepa wonyowa, madzi m'botolo la sobo,
kukhula, kutsira, kukhulanso,
kenaka mankhwala otsukira mano pakansanza,
mpaka galasi linayamba kuonetsa nkhope yake.
Waya wa ethi anali atadyedwa ndi dzimbiri,
nsonga yake yobiriwira ngati ndere.
Anadula, nasenda, namanganso pachitsulo choyera.
Anawonjezera rile ndi fyuzi
kuti moto uzichoka ku batire osapempha njira kwa wina.
Anandituma ku Malangalanga: mababu achikasu,
osati oyera aja onyezimira ngati ukwati.

Dzuwa litalowa tinayang'anitsa galimoto kukhoma la galaja.
Anawerenga mapazi chobwerera, najambula mzere ndi choko,
pansi, pansi ndithu, osafika ndi m'bondo momwe.
Titayatsa tinaseka tonse:
yakumanja inkawerenga nyenyezi,
yakumanzere ikufunafuna achule m'ngalande.
Zaka zinayi ndikuyenda ndi maso amadyo
ine osadziwa.

Anapotokola kasikuluwu, pang'ono, pang'ononso,
kuwala kukutsika pakhoma ngati munthu wokhala pamphasa.
"Chifunga sichikonda kukalipiridwa," anatero.
"Mukachiyatsira zazikulu, chikubwezerani m'maso momwemo.
Koma sichigona pansi penipeni,
chimasiya kampata.
Inu muzidutsa mmenemo, chokwawa.
Ndipo kukayera muzithimitsa, anzanunso ali ndi maso."

Anandilipiritsa theka la zomwe ndinatenga.

M'mawa mwake chifunga chinalipo, chomwe chija,
sichinachite manyazi, sichinasunthe.
Mitengo sindinaione, zikwangwani ayi.
Koma m'mphepete mwa tala munaoneka,
pomwe phula limathera monyenyeka ngati chigumu,
dzenje lija la pafupi ndi mlatho,
galu wodzipinda pamchenga,
mzere woyera umene ndinkayesa unafufutika kalekale.
Mayi Nankhoma kumbuyo anati,
"Lero bwanji simukutukwana?"

Patsogolo pang'ono, zidendene.
Ziwiri, zong'aluka, m'patapata wabuluu,
china chikukwera, china chikutsika.
Nkhope sindinaione, kaya ndi yemwe uja.
Ndinachepetsa liwiro, n'kumulambalala patali,
makala ake akununkha mame.

Pa chenji chija ndinagula kagalasi kofiira,
kaja kobwezera kuwala, ka kumbuyo kwa njinga,
ndi kawaya komangira.
Kali m'kabati ya kutsogolo, pamodzi ndi laisensi.
M'mawa uliwonse ndimati lero ndiima,
koma amayi amathamangira tomato wa mtengo wabwino,
ndipo anjinga ndi ambiri,
onse zidendene zofanana.