Kawindo ka Usiku

Ikakwana 10 koloko mayi Marleni amakhoma chitseko cha sitolo yamankhwala,
timagulitsira pakawindo kachitsulo
kongokwana dzanja ndi kapepala ka dokotala.
Kuseri kwa kawindoko ndiye sukulu yanga:
kampando kotsimphina, getsi lophethiraphethira,
ndi buku la kemisitiri lomwe ndinagula kwa Wilber
atagwa ulesi n'kukayamba kuyendetsa takisi.
Patsamba la maasidi anasiyapo mawu ndi pensulo:
"Ine ndalekera pano."

Chaka chatha ndinaperewera malikisi atatu.
Atatu okha.
Ndinaima pakhoma la yunivesite,
dzuwa la ku Arequipa likundiwotcha pankhongo,
dzina langa lili kunsi kwa mzere,
ngati munthu wofika padepoti fumbi la basi lisanakhazikike.

Tsono ndayambiranso.
Kaboni ali ndi manja anayi, limatero buku,
ndipo safuna ngakhale limodzi likhale chabe.
Ine ndili ndi awiri, lina pabuku, lina pachenji.
Munthu akagogoda ndimasiya chala pomwe ndalekezera,
ndimapereka mankhwala a chifuwa, matewera, bandeji,
pobwerera ndimapeza mzere uja utazizira.
Phiri la Misti silioneka usiku, koma mphepo yake siphonya,
imalowa pakawindo n'kunditembenuzira tsamba ndisanamalize.

Lachinayi, tambala asanaganize n'komwe zolira,
kunabwera bambo atavala jekete ya ulonda, maso ali psuu.
Mwana watentha thupi.
Kapepala kananyowa m'thumba,
nambala imodzi inangokhala ngati nyerere yopondedwa.
"Ndim'patse mamililita angati, achimwene?"

Masamu ake ndinkawadziwa.
Kulemera kwa mwana, mphamvu ya mankhwala m'botolo,
funso lomwe lija la patsamba 212.
Yankho linafika pansonga ya lilime.
Ndinalimeza.
Ndinakwera masitepe kukadzutsa mayi Marleni.
Anatsika atafunda bulangete, magalasi ali pamphuno,
anafunsa mafunso awiri omwe ine sanandifikire m'mutu,
ndipo nambala yawo inasiyana ndi yanga.
Pang'ono chabe.
Koma mwanayonso ndi wamng'ono.

Bamboyo atazimiririka mumdima
mayi aja anagwira buku langa ndi zala ziwiri.
"Edilberto, kumayeso ukaphonya amakudula malikisi.
Pakawindo pano sadula malikisi."
Anakwera kukagona.
Ine ndinatsala ndi getsi langa
ndi mabotolo onse akundiyang'ana.

Amayi anga ku Cayma amadula pakati mapiritsi awo a mtima
ndi mpeni wa anyezi, kuti mwezi uthe asanathe.
Ndawauza kuti asamatero, amangoseka.
Kumsika anauza kale anzawo ogulitsa mbatata
kuti mwana wawo ndi katswiri wa mankhwala.
Ndikawaletsa amati, "Nanga usiku wonse umakhala kuti?"

Kwatsala masiku khumi ndi limodzi.
Mayina a mafupa ndawamata m'mashelefu,
a m'dzanja pafupi ndi sopo, a m'khutu pamwamba pa thonje.
Posesa ndimayankhula ndekha za maselo ndi timadzi ta m'mimba,
mpaka galu wapakhonde anazolowera, sadzutsanso mutu.
Zina zimalowa.
Zina zimatuluka ndi kuyasamula.
Fizikisi ndiye sitimvanabe, timangopatsana moni.

Ndasongola mapensulo awiri, ndawabisa m'kabati ya ndalama.
Chiphaso chili m'thumba la malaya omwe ndidzavale.
Tsiku limenelo tidzakhala mazanamazana m'mizere,
aliyense ndi usiku wake kumsana,
ndipo palibe amene ndidzakwere masitepe kukam'dzutsa.

Kunja kwayamba kuyera, malole a ndiwo akudutsa.
Ndatsala ndi mafunso asanu ndi anayi patsamba lino.
Wina akugogoda ndi kandalama pachitsulo.
Chala pamzere.
"Ndikubwera."