Mmero wa Chitsulo

Ntchito yanga ndi kuswa zidole.
Amandilipira kuti ndikolowole maso a zimbalangondo,
ndizule mawilo a timagalimoto,
ndigwetse ana apulasitiki pasimenti
kasanu, kakhumi, mpaka ataulula zimene abisa.

Kuno ku Valparaíso Disembala amabwera ndi dzuwa loswa mtengo,
sitima zimatula makontena padoko usiku ndi usana,
ndipo mwa katoni iliyonse
chidole chimodzi chimakwera masitepe kudzaonana nane.

Patebulo panga pali kachitini kopanda chivindikiro.
Kukamwa kwake anakuyeza ndi mmero
wa mwana wosakwana zaka zitatu.
Chilichonse cholowamo n'kumira chonse chapalamula.
Lero lokha kameza diso lobiriwira,
belu la pansapato, mphuno ya galu waubweya.
Kachitini sikatsamwa.
Sikatuzula maso, sikafunafuna mayi ake ndi manja.
N'chifukwa chake timayamba kudyetsa iko.

Lachiwiri kunabwera bambo Nibaldo, chipewa chili m'manja.
Abakha awo zikwi zinayi ali m'nyumba yosungira katundu,
achikasu, olira ukawafinya, owala mumdima.
Ndalama yake anakongola kubanki.
Ndinatola mmodzi, n'kumukanda pamimba ndi chikhadabo.
Phwa! Kachitseko kanatseguka,
kabatire n'kugubuduka patebulo, see, konyezimira
ngati siwiti imene wina wayamwa kale.

"Mayi Ximena, kasikuluwu kamodzi kokha
kandigwetsere Khirisimasi yonse?"
Sanali munthu woipa. M'thumba la malaya
munkasuzumira chithunzi cha adzukulu awo.
Ndinadinda chidindo chofiira.
Dzanja langa linanjenjemera, koma ndinadinda.

Sindinawauze za Amaro, mwana wa mchemwali wanga,
amene anadzuka tsiku lina akuchucha dovu, akukana mkaka.
Tinati ndi mano akumera.
Tinati ndi chimfine.
Tinati tione mawa.
Mawalo dokotala anakweza chithunzi cha m'chifuwa chake kuwindo:
usiku wakuda bii, nthiti ngati mitambo,
ndi mwezi wathunthu, woyera, utaima pakhosi.
Mwezi umenewo unali ukuwotcha mwakachetechete
pamene ife tinkamuimbira kuti agone.

Anachira. Tsopano ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi,
amathamangitsa nkhunda pabwalo la Sotomayor,
koma mawu ake amatuluka ngati adutsa mumchenga,
ndipo nyama timamudulira tizidutswa tosaoneka ndi maso.

Madzulo ndimakwera chikepe chakale chija
chimene chimakwawa phiri uku chikubuula,
zala zikununkha utoto ndi guluu.
Dzulo ndinapeza Maite wanga atakumbatira mphatso
yochokera kwa mayi Ercilia a nyumba yoyandikana nafe:
kamtsikana kansalu, maso ake mikanda iwiri yakuda.
Ndinathokoza. Ndinathokozadi ndi mtima wonse.
Kenako ndinadikira kuti mwana agone.

Pansi pa nyale ya kukhitchini ndinakoka diso lamanzere.
Linabwera msanga, ngati linkandidikira.
Lamanja linakana pang'ono, nalonso linabwera.
Ndinasoka ena ndi ulusi wakuda, opanda choti n'kuthothoka,
limodzi lalikulu kuposa linzake
poti kusoka ine sindinakuphunzire bwino.

M'mawa Maite anakayang'ana nthawi yaitali,
kamtsikana kake ka maso opotoka.
Sanafunse kanthu. Sanayambe n'kuyankhula komwe.
Anangokanyamula n'kukalowetsa mutu m'kamwa,
pakuti mwana dziko amaliwerenga ndi lilime,
tsamba ndi tsamba, osadumpha mzere.

Ine ndinamusiya awerenge.
Ndinamwa khofi wanga atazizira kale,
n'kutsikanso phiri.
Kunyanja sitima ina inali itaima, ikudikira malo.